Ulusi Woyera wa mu Mpendero

Kwa Chimpeni,
kufupi ndi Nzama,
Ntcheu.

Fabiano mwana wanga,

Buluku lako latha. Ndalisita, ndalipinda, lili pamphasa pambali pangapa, ndipo kalata ino ndiyiika m'thumba lake la kumbuyo kuti ukaipeze lole itadutsa kale Tsangano. Ndikulemba masana ano iwe utapita kukatsanzika kwa azakhali ako kutsidya, chifukwa ukabwerako nyumba idzadzaza anthu, ndipo ine pagulu pakamwa panga pamangotuluka zoti "wadya kodi?" Komanso iwe, chiyambire kugona kugowelo, ukamva amai ako ayamba mawu aatali umayang'ana kukhola ngati ng'ombe zaswa mpanda. Asisitere a ku Nzama adandiphunzitsa kugwira pensulo ndili mtsikana, ine n'kumayesa kuti n'zongolembera maina a oyera mtima. Lero yandithandiza, chifukwa pepala ndiye sungalithawe.

Mawa ukupita ku Halale kukafuna ntchito. Sindikukuletsa, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma njira imeneyo ndi yomwe idatenga abambo ako, a Damiano, iwe ukukwawa, ndipo mpaka lero sinawabweze. Anthu akamanong'ona pamjigo wa mpingo kapena kumtsinje amati ndine mkazi wa mtchona. Dzina limenelo ndalisenza, silindilemeranso. Chimene ndikuopa, ndipo ndikunena poyera, n'chakuti ndingadzakhalenso mai wa mtchona. Buluku lija unavala m'mawa ndi lawo. Ukudziwa kuti ndi lawo, koma sukudziwa chimene chili m'kati mwa mpendero wake, ndiye khala phee pa lolepo, uwerenge mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi makinawa, poti iwe udabadwa n'kuwapeza, ndiye umangowaona ngati mtondo kapena khasu. Ine ndidawaona akulowa m'mudzi muno. Abambo ako pobwera ulendo wawo woyamba adatsika sitima ku Balaka ndi bokosi lathabwa, amuna awiri n'kulinyamula pamtengo, kukwera nalo mapiri onsewa mpaka pakhomo pano. Mudzi wonse udasonkhana, ena akuti muli mfuti, ena akuti muli chimbale choimba. Atatsegula tidaona chinthu chakuda chonyezimira, cha maluwa agolide m'mbali, khosi lopindika ngati la tsekwe. Abambo ako adachiika pa mpando, adatenga thumba la ufa long'ambika, adagwira chopukusira n'kuyamba kupukusa. Mwana wanga, phokoso lija! Ana adathawa, agalu adauwa, koma akuluakulu tidangoti kukamwa yasa. Msoko umene ine ndikadasoka kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka udatuluka kuseri kwa singano munthu asanameze malovu, wowongoka, mfundo zake zofanana zonse. Ndidagwada n'kuugwira ndi chala. Ndidachita mantha ndithu, mantha aja amakugwira ukalowa m'tchalitchi chachikulu koyamba, ndipo mpaka lero ndikamavundukula nsalu pa makinawa kamantha kameneko kamabwerabe.

Anthu atabalalika ndidafunsa abambo ako kuti singano yosatulukira kuseri ingamange bwanji nsalu. Pajatu ya pamanja imalowa uku n'kutulukira uko, koma iyi imangojompha n'kubwerera. Adaseka, adakankha kachitsulo ka pansi pa singano, adati, "Tasuzumirani umu, Nangondo." M'menemo mudali kabobini kakang'ono ngati mtedza, kali ndi ulusi wakewake. "Ulusi ulipo uwiri," adatero. "Wapamwambawu ndi woyenda, aliyense amauona. Wapansiwu sutuluka m'nyumba yake. Koma woyendawo ukatsika umakolana ndi wokhalawo, ndiye msoko umenewo. Wapansi ukatha, makina amangolira chabe, singano n'kumaboola, koma ukakoka nsalu zonse zimayoyoka." Ndidakhala nthawi yaitali ndikupukusa pang'onopang'ono, diso lili pa kabowoko, kufuna kuona pamene ulusi uwiriwo ukugwirana manja. Sindidauonepo mpaka lero. Zimachitikira mumdima, mwachangu, ndipo amene adaganiza zimenezi Mulungu adampatsa mutu. Ukakafika kumeneko udzaona zinthu zazikulu kuposa izi, nyumba zosanjikizana ndi nyale zopanda mafuta. Uzidabwa, usamachite manyazi kudabwa. Koma uzikumbuka kuti iwe ndiwe ulusi wapamwamba uja, ndipo wapansi uli kuno kwa Chimpeni.

Amuna a m'mudzi adadandaula pamene abambo ako adayamba kundiphunzitsa ine. Adati makina ndi a amuna, onani matelala a pakhonde la sitolo ku boma, kodi pali wa mpango kumutu? Abambo ako adangoti, "Ine ndine wa m'njira, makinawa ndi a pakhomo." Nthawi imeneyo mawuwo adandikomera. Ndidadzawamva bwino pambuyo pake.

Buluku loyamba kufupikitsa ine lidali la agogo ako aamuna, ndipo ndidaliwononga. Nkhani imeneyi udaimvapo anthu akuseka pamowa, koma imva kwa mwini wake. Agogo ako adakula akuvala nsalu ndi zikopa, munthu wa ngoma, wa chishango ndi nthenga kumutu. Atakalamba adavomera kubatizidwa, ndipo abambo ako adawabweretsera buluku la kaki loti avale tsikulo, koma lidali lalitali mpaka kukwekwereza pansi. Ntchito idagwera ine. Tsono iwe ukudziwa mwambo wathu: mtengwa sayandikira apongozi ake aamuna, akakumana nawo m'njira amapatukira kutchire, nanga kuli bwanji kugwada pamiyendo pawo n'kumawagwira akakolo? Abambo ako adali atapita kukagula ng'ombe kuchigwa. Ndiye ndidadula bango, ndidapereka kwa apongozi aakazi, agogo ako a Nachisale, ndidati akawayeze kuchokera m'chiuno mpaka m'kakolo, athyole pamenepo. Adapita, adabwera nalo bango lothyola bwinobwino. Ine ndidaligoneka pa buluku, ndidalemba ndi kachidutswa ka sopo, sizasi khwepu, mwendo uno ndi uno. Ndidapendera mokongola, ndikudzitama mumtima.

Chimene sitidaganize tonse awiri n'chakuti chiuno cha nsalu si chiuno cha buluku. Agogo ako aakazi adayeza kuchokera pamene amuna awo ankamangira nsalu, pansi pa mimba. Buluku lija lidali la malamba a m'mapewa, lokwera kupitirira mchombo. Tsiku la ubatizo nkhalamba idatuluka m'nyumba buluku lili m'katumba, misongolo yonse pamtunda, zipsera za minga ndi za moto zikuoneka. Ndidafuna nthaka ing'ambike. Anyamata adayamba kutsinana. Agogo ako adaima, adayang'ana miyendo yawo, adayang'ana kumene ndidabisala ine kuseri kwa nkhokwe, adalankhula mokweza ngati akuuza akazi awo: "Nachisale, kawauzeni apongozi anga kuti achita bwino. Miyendo iyi yayenda kwambiri isanafike kwa Mulungu, aione yekha." Adatenga ndodo yawo n'kutsogola mpaka ku Nzama, mutu uli m'mwamba, ndipo palibe adasekanso. Buluku limenelo adalivala Lamulungu lililonse mpaka tidawaika nalo m'manda.

Zidutswa ziwiri zimene ndidadula ndidazisunga nthawi yaitali, ndikuziyang'ana, koma nsalu ukaidula wadula. Kuyambira pamenepo sindikhulupirira bango. Munthu ndimamuyeza iye mwini, ataima, atavala lamba ndi nsapato zimene adzayendere, ndipo ngati mwambo sundilola kumgwira ndimaitana wina amupinde ine ndikuyang'ana ndi maso anga. Iwenso kumeneko udzamva zambiri za anthu kudzera m'kamwa mwa ena, kuti a mtundu wakuti ndi akuba, kapitawo wakuti ndi mfiti, uje adakunena. Limenelo ndi bango lothyola wina, Fabiano. Usadule chibale kapena ntchito chifukwa cha muyeso umene sudauone. Yamba wapinda, uone m'mene zikukhalira. Ndipo wina akadzakulakwira mosadziwa, ukumbuke agogo ako, buluku lili m'katumba, panjira ya ku Nzama.

Lachiwiri lidali la amalume ako a Kaliste, la ukwati. Apa ndidati ndachenjera. Ndidawaimika pakhonde, pajatu mlongo wanga sindimuopa, ndidawayeza bwino, ndidapinda, ndidasoka, lidakhala ngati adabadwa nalo. Alamu anga, ndikunena akazi awo aja, pofuna kusangalatsa adakalichapa kumtsinje ukwati usanafike. Litauma lidakwera zala zitatu. Palibe adandiuza kuti kaki watsopano akalawa madzi amabwerera. Mwayi wake ulendo umenewu sindidadule kwambiri, ndidasiya nsalu m'kati, ndiye ndidasomola msoko n'kutsitsa, ukwati udachitika akakolo ali obisika. Amalume ako mpaka lero akandiona amati, "Achemwali, kodi ineyo ndiyambe ndasamba musanandiyeze?" Ndiye nsalu yatsopano ndimayamba ndaiviika, iume, ndione msinkhu wake weniweni. Anzako amene udzawapeze m'komboni tsiku loyamba, oseka bwino, okuitanira tiyi, okutchula mbale, usawakane, mlendo sakana moni. Koma usawapatse mtima wonse mvula isanawanyowetse. Udzadwala tsiku lina, kapena ntchito idzatha, pamenepo udzaona amene wabwerera ndi amene wakhala msinkhu wake.

Za singano udaziona wekha, ngakhale sunkasamala. Mpendero wa buluku ndi wosavuta kuzungulira konse, makina amathamanga mpaka kukoma, kufikira pamene msoko wa m'mbali ukumana ndi mpendero. Pamenepo nsalu imasanjikizana kambirimbiri, pamakhala phiri. Chaka china, ndikuthamangira kuti ndikakolole mbatata mvula isanabwere, ndidafika paphiripo ndi liwiro lomwelo. Singano idati thyo, kansonga kadandilasa pansi pa diso, chipsera chake n'chimene unkachigwira uli khanda. Idali singano yomaliza. Makina adagona mpaka amalume ako atapita ku boma, anthu akubwerera ndi zovala zawo pakhomo. Tsopano ndikayandikira paphiri ndimaima. Ndimapatswanya kaye ndi mwala wa mphero kuti pafewe, ndimasiya chopukusira, ndimagwira gudumu ndi dzanja n'kuliyendetsa mfundo imodzi imodzi, ndikumvetsera. Makina amanena okha akalemedwa, mawu ake amasintha. Kumene ukupitako mapiri otere aliko: pamaso pa wapolisi wofunsa chitupa, pamaso pa bwana wokalipa chinenero chimene sukumva, pamowa anthu akayamba kutukwanirana mitundu. Iwe mtima wako ndimaudziwa, uli ngati wanga, umafika paphiri ndi liwiro. Pamenepo usiye chopukusira, mwana wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine singano ina yotchedwa Fabiano ndilibe.

Tsopano ndikuuze za buluku lakoli. Abambo ako adaligula ulendo woyamba womwe uja, nsalu yolemera yotuwa, yoyenera chisanu cha kuno. Lidali lalitali, monga amakhalira a m'sitolo. Ankati tifupikitsa mawa, tifupikitsa mawa, mpaka nthawi yobwerera ku Halale idakwana. M'mawa wa tsiku lonyamuka adalivala, adaima pakhonde pomwe unaima iwe, iwe ukukwawa n'kumakoka mwendo wake. Ndidagwada, ndidapinda, ndipo poti mapini ndidalibe nthawi imeneyo, ndidatenga singano ya pamanja ndi ulusi woyera n'kudutsitsa mfundo zazikuluzikulu kuzungulira mwendo uliwonse, kusonyeza pamene mpendero udzakhale. Ndisanatsegule makina, anzawo a ulendo adafika pabwalo akuti, "Odi, odi! Tiyeni a Damiano, dzuwa litipeze titakwera phiri." Masiku amenewo ankayenda pansi, kudzera kwa Apwitikizi. Abambo ako adavula msangamsanga, adandipatsa, adati, "Musadule, Nangondo. Mudzamaliza ndikabwera, ndidzalowe nalo m'tchalitchi Lamulungu loyamba."

Makalata adabwera poyamba, kenaka adayamba kutalikirana, kenaka zii. Obwerako ena ankati adawaona ku Bulawayo, ena ankati adakwatira, ena ankati adamwalira m'mgodi. Palibe adabwera ndi mawu oti tingalire nawo maliro, ndiye sitidamete, sitidagawe zovala. Abambo ako aang'ono adalipempha bulukuli kangapo, ine ndikukana. Chaka chilichonse mvula ikatha ndinkalitulutsa m'bokosi, kuliyanika kuti njenjete zisalidye, kuyang'ana ulusi woyera uja, n'kulibwezera. Makina adatidyetsa, adakuveka, adakutumiza kusukulu. Ndafupikitsa mabuluku a mudzi uno ndi midzi yoyandikana nayo, a aphunzitsi, a akwati, a obwera ku Joni ofuna kudzionetsa, koma limodzi ili lidakhala likudikira mwini wake.

Pamene unandiuza kuti dzina lako walembetsa pa ulendo wa ku Halale, ndinayang'ana kabudula wako wa zigamba, ndinati mwana wa a Damiano sangakatsike m'tauni ya eni mawondo ali pamtunda ngati wa sukulu. Ndinatsegula bokosi. Usaganize kuti zinali zopepuka. Kutulutsa bulukulo kunali kuvomera chinthu chimene ndakhala ndikuchikana zaka zonsezi, ndipo ndinalira, ndikuuze zoona, ndinalira ndili ndekha kudimba kuti anthu asandifunse.

Koma m'mawa muja kunachitika china. Unavala, unamanga lamba, unaponda nsapato zimene anakupatsa amalume ako, unaima pakhonde. Ndinagwada ndi mapini kukamwa. Unati, "Amai, fulumiranitu, anzanga andiona ndikuyezedwa ngati mkwatibwi." Ine mumtima ndinali nditayeza kale. Ndimati mwana ameneyu ndidzapinda chikhato chathunthu pamwamba pa ulusi wa abambo ake, mwinanso kuposa, pajatu m'maso mwanga ukadali yemwe uja wokoka mwendo. Ndinapinda pamene ndimaganiza, ndinayang'ana, kakolo yense ali panja. Ndinatsitsa. Akadali panja. Ndinatsitsanso, mpaka nsalu inagona bwino pa nsapato, kumbuyo itatsala pang'ono kufika pa chidendene. Nditabaya pini n'kutembenuza kuti ndione, ulusi woyera unali pomwepo, zala ziwiri zokha pansi pa pini.

Zala ziwiri, Fabiano! Pini inandipulumuka m'dzanja. Unamva pini ikukubaya n'kunena kuti, "Mayo, amai, mwatani?" ndipo ndinati dzuwa landithobwa m'maso. Silinali dzuwa. Ndinakweza mutu kuchokera pansipo n'kuona mwamuna ataima, mapewa otambalala, kuima kopendekera kumanzere komwe kuja kwa abambo ako, manja m'thumba momwe muja. Udakula liti? Ndakhala nawe masiku onse, ndakudyetsa ndi dzanja ili, koma sindinaone. Kamwana kamene kanabadwa m'nyengo ya chisanu kochepa ngati mbewa, kamene azamba ankapukusa mitu poyang'ana, lero katsala zala ziwiri kufika pa muyeso wa abambo ake. Ndidadabwa ndi makina osoka okha, koma apa ndinaona kuti pali wina amene wakhala akusoka mwakachetechete m'nyumba mwanga momwe, mfundo imodzi imodzi, ine osamva ngakhale phokoso. Ndinafuna kukhalabe chogwada pomwepo, koma iwe unali ukuponda moto kufuna kuvula.

Utachoka ndinakhala pa makina. Sizasi sindinaikhudze, ili pomwe inali. Ndinatembenuza buluku kunja kukhala m'kati, ndinalinganiza miyendo yonse iwiri msoko pa msoko kuti wina usapose unzake, ndinapinda pa mapini paja n'kusita ndi simbi ya makala, nsalu yonyowa pamwamba kuti lisapse. Kumphepete ndinapindanso pang'ono kuti lisayoyoke. Nsalu yonse yotsala ili m'kati, n'chifukwa chake udzamva mpendero ukulemera pang'ono poyenda, usadandaule, umathandiza kuti buluku ligwe mowongoka. Ulusi ndinasankha wotuwa wofanana ndi nsalu, pamwamba ndi pansi. Ndinayambira pa msoko wa m'kati mwa mwendo kuti poyambira ndi pothera pasaoneke, ndipo pamapiri paja ndinayenda ndi dzanja. Mfundo ndinaika zotalikirana, osati zothinana monga ndimachitira ndi a anthu ena, kuti tsiku losomola ndisadzavutike kapena kung'amba nsalu. Ulusi woyera sindinauchotse. Uli m'kati mwa mpendero, miyendo yonse iwiri, pomwe ndidaudutsitsa m'mawa uja.

Uzilisamala. Usamalichape kawirikawiri, ulipukute ndi nsalu yonyowa n'kuliyanika pamthunzi. Pogona uziliyala pansi pa mphasa kuti mzere usafe. Usabwereke munthu, ngakhale akuti akukaonekera kwa mkazi, chifukwa buluku lobwereka limabwera ndi mawondo a wina. Kuntchito uzivala kabudula. Ndipo uzilemba, mwana wanga, ngakhale mizere iwiri, ngakhale ulibe kanthu kotumiza. Ndikuganiza kuti ambiri amene adatchona sadayambe ndi kuiwala kwawo, adayamba ndi manyazi. Mwezi uno palibe chotumiza, ndilemba mwezi wamawa, kenaka chaka, kenaka ayamba kuopa kufunsidwa. Ine sindikufuna bulangete kapena mpango, ndikufuna dzanja lako papepala. Ukadzalephera zonse, ubwere chimanjamanja, ndidzakulandira ndi nthungululu zomwezo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo wanga ndi wochepadi, sungafike ku Halale kudzakufuna.

Sindikukutuma kuti ukafunefune abambo ako. Dziko limenelo ndi lalikulu, ungatayike pofuna wotayika. Koma Mulungu ali ndi njira zake. Ukadzakumana ndi munthu wa kwathu kuno, wa imvi tsopano, woima mopendekera kumanzere, wodziwa maina a ng'ombe za agogo ako, usamukalipire, usamufunse za zaka zonsezi. Umupatse moni wa ulemu. Kenaka ukhale pansi, upindule mpendero, usomole pang'ono pa msoko wa m'kati, umuonetse ulusi woyerawo. Adzaudziwa. Umuuze kuti Nangondo sadadule. Zotsalazo adzaona yekha chochita, iwe usasenze katundu wake.

Amuna a kwa Chimpeni amakula mochedwa. Abambo ako adatalikabe titakwatirana kale, agogo ako aakazi ankaseka kuti ndikuwadyetsa chiyani. Iwenso sunathe, ndaona mapazi akowo, ndi a munthu amene akubwerabe. Ndiye tsiku lina, mwina mvula ikadzagwa kawiri, udzavala bulukuli Lamulungu n'kuona kuti akakolo ayamba kusuzumira. Anzako adzakuseka, adzakulozera telala wa pakona, adzati ndi ntchito ya kanthawi kochepa. N'zoona, ndi ya kanthawi kochepa, ndipo telala ameneyo mwina amandiposa. Koma usapiteko. Iyeyo akatsegula adzapeza ulusi wakale wachikasu ndi ukalamba, adzauzula n'kuutaya pansi osadziwa kanthu. Akakolo akadzaoneka, udziwe kuti wafika pa muyeso wa abambo ako, pamene iwo adalekezera, ndipo kuyambira pamenepo njira yawo usaitsatenso. Upemphe tchuthi, ukwere lole, ubwere.

Ndikumva mawu ako kutsidya, ukuseka ndi ana a azakhali ako, ndiye ndilekere pano ndisanagwidwe. Kamba wa panjira ndakazinga, chimanga ndi mtedza, ali m'kathumba ka ufa kaja abambo ako adasoka tsiku loyamba, msoko wake sunasomokebe. Yenda ndi Mulungu, Maria Woyera akufunde m'njira monse. Makina ndiziwathira mafuta, ndipo kabobini ka ulusi wotuwa ndakachotsa n'kukaika padera, sindisokera munthu wina aliyense. Buluku limeneli ndaligwadira kawiri, pa amuna awiri, ndipo onse awiri andichokera pakhonde ndisanalimalize. Kachitatu ndikufuna ndidzalitsitse mwini wake ataima pakhonde pano, akundiuza kuti ndifulumire.

Ndine amai ako,
Nangondo.